Madzi Saiwala Khwawa: Mizinda Yathu ndi Madzi a Mvula

Aliyense amene anakhalako mu Blantyre kapena mu Lilongwe mwezi wa Januwale akudziwa mmene zimakhalira. Cha m'ma 2 koloko masana kumwamba kumachita bii, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu n'kuyamba kulongedza katundu, kenako mvula n'kukhuthuka. Pasanathe mphindi makumi awiri msewu wasanduka mtsinje. Madzi ofiira akutsetsereka ndi majumbo, mabotolo, zitsononkho, makoko a nzimbe ndi mchenga wa munthu amene anauunjika panja kuti amangire nyumba. Maminibasi aima, ana asukulu avula nsapato. Mvula ikakata dzuwa limawala, msewu umauma, ndipo tonse timapitiriza za tsiku limenelo.

Komatu madziwo sanathere m'malere. Apita kwinakwake. Alowa m'nyumba ya munthu kumunsi kwa phiri, agumula gombe la mtsinje, adzaza chimbudzi chokumba mpaka kusefukira, ndipo zonse zimene anatola m'njira akazitula mu Mudi, mu Naperi, mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe. Nanga mzinda uzichita nawo chiyani madzi a mvula kuti asaononge anthu komanso mitsinje imene mzindawo umadalira? Ine ndikuona kuti kwa zaka zambiri taganiza mozondoka. Takhala tikufuna njira yothamangitsira madzi kuti achoke msanga pakhomo pathu, chonsecho chofunika ndi kuwachedwetsa, kuwalowetsa pansi ndi kuwasefa kuyambira pamwamba pa phiri mpaka kumtsinje.

Mzinda umasintha kayendedwe ka madzi

Mvula ikagwa m'nkhalango, yambiri siyenda pamtunda. Masamba amaitchinga, zinyalala za pansi pa mitengo zimaimwa ngati thonje, mizu imaitsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi olowa pansiwo amayenda pang'onopang'ono, n'kudzatulukira pa akasupe ndi m'madambo patapita masabata kapena miyezi. N'chifukwa chake makolo athu ankatunga madzi m'timitsinje ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Pamalo pomwepo pakabwera malata, phula, simenti ndi mabwalo osesedwa mpaka kuuma gwa, nkhani imatembenuka. Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Denga la nyumba yapakatikati, la mamita 10 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 30, limatsitsa malita 1,800. Zimenezo ndi ndowa 90 za malita 20, kuchokera panyumba imodzi, masana amodzi. Malo a hekitala imodzi othiridwa phula kapena simenti amatsitsa malita 300,000 pa mvula yomweyo. Tsono werengani madenga a mu Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Area 25.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre. Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000, Zomba oposa 100,000. Banja lililonse latsopano ndi denga latsopano, bwalo latsopano ndi kanjira katsopano. Zotsatira zake ndi ziwiri ndipo zimayenda limodzi. M'dzinja mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ndiponso mwaukali, chifukwa madzi onse afika nthawi imodzi. M'chilimwe mtsinje womwewo umaphwa, zitsime ndi mijigo n'kuyamba kuvuta, chifukwa palibe chimene chinasungidwa pansi. Kusefukira kwa Febuluwale ndi kusowa kwa madzi kwa Okutobala ndi ana a mimba imodzi.

Zimene madziwo amanyamula

Kuchuluka kwa madzi ndi mbali imodzi chabe. Mbali ina ndi litsiro lake. Miyezi isanu ndi umodzi ya chilimwe imaunjika zambiri pamtunda: mafuta akuda otayidwa m'magalaja, zotsalira za m'misika, ndowe za ziweto, matewera a ana, mapulasitiki, phulusa ndi fumbi. Chizimalupsa ikagwa, ndiponso mvula yoyamba yeniyeni ikatsatira, imatsuka zonsezi ulendo umodzi. Akatswiri a zamadzi amadziwa kuti madzi oyamba kutsika ndiwo amakhala oipitsitsa, ndipo aliyense amene anaimapo pamlatho wa Mudi tsiku la mvula yoyamba sasowa womuuza.

Palinso nkhani ya zimbudzi. Mabanja ambiri m'mizinda yathu sanalumikizidwe ku mapaipi a suweji, amadalira zimbudzi zokumba kapena maenje a simenti. Madzi akadzaza pansi, zimbudzi zimasefukira kapena kugwa, ndipo zam'katimo zimakumana ndi zitsime zosazama zimene anthu amamwa. Kumene mapaipi a suweji aliko, madzi a mvula amalowa m'mapaipi osweka ndi m'maenje opanda zivindikiro, n'kuchulukira malo oyeretsera zonyansa monga a ku Kauma mu Lilongwe kapena a ku Manase ndi Zingwangwa mu Blantyre.

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kolera ili ndi zoyambitsa zambiri, koma ngalande yotsekeka, chimbudzi chosefukira ndi chitsime chosatetezedwa ndi mseu waukulu umene imadutsamo. Madzi otsalira m'zithaphwi nawo amaswa udzudzu wa malungo. Choncho amene akukonza ngalande akugwira ntchito ya zaumoyo, ngakhale savala yunifomu yoyera.

Litsiro lina limene sitiliwerengera ndi dothi. Dothi lokokoloka m'minda ya m'mapiri, m'misewu yafumbi ndi m'malo omanga nyumba limakwirira madamu ndi mitsinje. Limachepetsa malo osungira madzi, limakweza mtengo woyeretsera madzi akumwa, ndipo pa Shire limavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene amachita kulichotsa ndi makina.

Phiri, dambo ndi gombe

Mtsinje uliwonse uli ndi chigwa chake, kutanthauza dera lonse limene madzi ake amatsikira mu mtsinjewo. Malire a chigwa ndi misana ya mapiri ndi zitunda. Salabadira malire a wodi ya khansala, a dera la phungu kapena a khonsolo. Dontho logwa pa phiri la Ndirande limatsikira mu Mudi, kudutsa m'mafakitale a ku Makata ndi pakati pa mzinda, mpaka kukathera mu Shire. Dontho logwa m'nkhalango ya Dzalanyama limadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda wa Lilongwe umamwa, kenako limadutsa mumzindawo, kulowa mu Linthipe ndi kukafika m'nyanja ya Malawi ku Salima. Ku Zomba, Likangala amanyamula za mumzinda kukatula m'nyanja ya Chilwa, imene inalembedwa pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Ku Mzuzu ntchito yomweyo amaigwira ndi Lunyangwa.

M'chigwa chilichonse muli zinthu zitatu zimene Mulengi anaika kuti ziziweta madzi: nkhalango ya pamwamba, dambo la pakati ndi zomera za m'mbali mwa mtsinje. Zitatu zonsezi tazidya. Nkhalango ya Ndirande inatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero phirilo ndi minda ndi nyumba. Soche wameteka, Michiru akulimidwa ndi nkhwangwa za makala, Dzalanyama mpaka anafuna asilikali kuti amulondere. Madambo amene kale ankadzaza m'dzinja n'kumatulutsa madzi pang'onopang'ono tawathira dothi ndi kugawamo mapuloti. M'magombe, mmene munali bango, nsenjere, mikuyu ndi katope, muli madimba ofika m'madzi, maenje oumbira njerwa ndi malole okumba mchenga.

Mtengo wake tikulipira kale. Blantyre ali ndi damu pa Mudi mkati mwa mzinda, koma madzi ambiri amene anthu amamwa amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwezedwa chitunda cha mamita mazanamazana ndi magetsi okwera mtengo. Mzinda umene umalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka umataya madzi ogwa padenga pake, n'kukagula ena kutali.

Zimene zaka zapitazi zatiphunzitsa

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika phiri la Zomba, anthu n'kunena kuti wadutsa napolo. Mu Malichi 1991 zinachitikanso ku Phalombe, kuchokera m'phiri la Michesi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Kalelo nkhani zotere zinkaoneka ngati za kamodzikamodzi. Tsopano zikubwera motsatizana, ndipo zalowa m'tauni.

Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu inagwetsa nyumba mu Mzuzu. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, mpaka asilikali anapulumutsa anthu ndi helikopita pakati pa likulu la dziko. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anakokolola nyumba ku Kaliyeka, Chipasula ndi Kawale. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Kenako mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. M'chigawo chakummwera anthu oposa 600 anafa, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala.

Tinene zoona: palibe ngalande imene ikanaimitsa Freddy. Mvula ya masiku angapo yotere ikanaononga ngakhale mapiri akanakhala ndi mitengo yonse. Koma kuchuluka kwa maliro kunadalira zinthu zimene zili m'manja mwa anthu: kumene nyumba zinamangidwa, mmene phiri linalili, ngati makwawa anali otseguka, ngati chenjezo linafika ndiponso ngati anthu anali ndi kothawira. Ndipo tisaiwale kuti chiwonongeko chachikulu pa zaka zambiri sichichokera kwa anamondwe okhala ndi maina. Chimachokera ku mvula wamba ya chaka ndi chaka, imene imagwetsa khoma apa, kudula msewu apo, kunyowetsa ufa wa banja lina uko, popanda wolemba nkhani kufikako.

Ngalande zokha sizikwanira

Madzi akavuta, pempho loyamba la anthu kwa khansala ndi lakuti: timangireni ngalande. Pempholi ndi lomveka, ndipo ngalande zikufunikadi. Pakati pa tauni, pamsika, pa depoti ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu palibe kuchitira mwina. Koma ngalande ya simenti ili ndi khalidwe limodzi: imathamangitsa madzi. Sichepetsa ngakhale lita imodzi. Imangochotsa vuto pakhomo pa wakumtunda n'kukalitula pakhomo pa wakumunsi, ndipo kawirikawiri wakumunsiyo ndi wosauka amene anapeza malo otsika mtengo m'mbali mwa khwawa. Kumene ngalande yathera popanda chochepetsa liwiro la madzi, pamabadwa chigwembe chimene chimakula chaka chilichonse mpaka kudya msewu womwewo.

Vuto lachiwiri ndi kukula kwake. Injiniya akamayeza kalavati kapena mlatho, amasankha mvula yoti aimangire, mwachitsanzo imene amati ya kamodzi pa zaka 10. Mawu amenewa sakutanthauza kuti mvulayo imadikira zaka 10 kuti ibwerenso. Akutanthauza kuti chaka chilichonse pali mpata umodzi mwa khumi woti igwe, ndipo ikhoza kugwa zaka ziwiri zotsatizana. Makalavati ambiri a m'mizinda yathu anayezedwa pamene kumtunda kwake kunali tchire. Lero kumtundako kuli madenga okhaokha, nyengo nayo yasintha, koma paipi ndi yomwe ija.

Vuto lachitatu ndi losamalira. Ngalande yodzaza mchenga ndi majumbo ili ngati kulibe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma milandu inapitirira zaka zina ndipo majumbo sanachoke m'misika. Kumene galimoto ya zinyalala sifika, anthu amadikira mvula kuti iwatayire. Zinyalala zimene zikanapita kumtaya wa ku Mzedi kapena wa ku Area 38 zimakathera pakamwa pa kalavati.

Pulani yabwino imakhala ndi chiyani

Choyamba ndi kudziwa. Khonsolo iyenera kukhala ndi mapu a chigwa chilichonse, osonyeza makwawa onse, ngalande zonse, kukula kwa kalavati iliyonse, malo amene amasefukira ndi malo otsetsereka amene angagumuke. Zina mwa izi zimafuna zithunzi za m'mlengalenga ndi zoyezera mvula za nthambi yoona zanyengo. Zina zili m'mitu ya anthu. Mayi amene wakhala ku Mtandire zaka makumi atatu akhoza kukulozerani pakhoma pamene madzi anafika mu 2017. Pulani yolembedwa popanda kumufunsa iyeyu yayamba kale kupunduka.

Chachiwiri ndi kuyambira kumtunda. Alimi athu amadziwa kale nzeru imeneyi: akalozera, mizere yopingasa chitunda, ngonyeka, udzu wa vetiva, timadamu ta miyala m'zigwembe ndi maenje okolola madzi. Zimene zimagwira ntchito m'munda zimagwiranso m'tauni. Phiri libwezeredwe mitengo, osati pongodzala mbande tsiku la mwambo koma pozisamalira mpaka zitakula, ndi polola zitsa kuphukira.

Chachitatu ndi puloti iliyonse kusunga gawo la madzi ake. Thanki yolandira madzi a padenga, dzenje lothira miyala loti madzi alowe pansi, kapinga m'malo mwa simenti pabwalo lonse, mtengo wa zipatso kuseri kwa nyumba. Sukulu, matchalitchi, mizikiti, masitolo akuluakulu ndi mafakitale ali ndi madenga aakulu zedi, ndipo ndiwo ayenera kutsogola. Lamulo lake likhale losavuta kumva: amene akumanga chachikulu asatulutse madzi ochuluka kuposa amene malowo ankatulutsa asanamange. Pakufunika kusamala ndithu. Dzenje lolowetsa madzi pansi lisayandikire chimbudzi, chitsime kapena maziko a nyumba, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri kulowetsa madzi ambiri m'nthaka kungayambitse kugumuka. N'chifukwa chake mapu aja ndi ofunika.

Chachinayi ndi kupatsa madzi pogona. Mzinda usiye malo otsika, monga madambo, mabwalo a mpira ndi mapaki, oti madzi azidikhapo maola angapo kenako n'kutuluka pang'onopang'ono. Dambo lokhala ndi bango ndi mlulu limagwira dothi ndi zonyansa zambiri madzi asanalowe mu mtsinje, popanda magetsi kapena mankhwala. Magombe asiyidwe ndi mpata wa zomera mbali zonse ziwiri. Maganizo a khonsolo ya Lilongwe oteteza nkhalango ndi magombe a Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe ngati mzere umodzi wachilengedwe wodutsa mumzinda ali m'njira yoyenera.

Chachisanu ndiye ngalande, makalavati ndi milatho, zoyezedwa molingana ndi mzinda wa mawa, zokhala ndi zotchingira zinyalala, ndiponso zokhala ndi ndondomeko yoziyeretsa mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe.

Zimene anzathu achita

Sitiyenera kupita kutali kuti tione. Mzinda wa Beira ku Mozambique uli pamalo otsika m'mbali mwa nyanja yamchere. Kumeneko anatsegulanso mtsinje wa Chiveve umene unali utatsekeka ndi zinyalala, anaika zitseko zoletsa madzi a m'nyanja kubwerera, anabwezeretsa mitengo ya m'magombe ndi kusandutsa malowo paki, kuphatikiza pa kukonza ngalande zikuluzikulu ndi dziwe losungira madzi. Namondwe wa Idai atafika mu Malichi 2019 anaononga kwambiri ndi mphepo, koma m'madera amene ngalande zinakonzedwa madzi sanakhalitse ngati kale.

Ku Durban, khonsolo ya eThekwini ili ndi ntchito yotchedwa Sihlanzimvelo, imene imalemba magulu a anthu a m'dera kuti aliyense asamalire chigawo chake cha mtsinje: kuchotsa zinyalala ndi zomera zachilendo zotseka madzi, ndi kunena msanga paipi ya suweji ikaphulika. Anaona kuti kulipira anthu oyeretsa mtsinje n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumanganso kalavati yokokoloka. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anaonetsa kuti ntchito yotere yokha sikwanira, komabe nzeru yake ndi yoti tingaitengere, makamaka ife amene tili ndi achinyamata ambiri osowa ntchito.

Ku Kigali anachotsa zomangidwa m'dambo la Nyandungu n'kulibwezeretsa, ndipo mu 2022 linatsegulidwa ngati paki. Ku Philadelphia, m'dziko la America, mu 2011 anayamba pulani ya zaka 25 yotchedwa Green City, Clean Waters, yodalira mitengo, timinda tomwa madzi ndi misewu yolowetsa madzi pansi. Kumeneko eni malo a bizinesi amalipira msonkho wa madzi a mvula molingana ndi kukula kwa denga ndi simenti pamalo awo, ndipo amene wasunga madzi ake amachotseredwa. Chuma chawo si chathu, koma mfundo yake ndi yachilungamo kulikonse: wotulutsa madzi ambiri alipire zambiri.

Malamulo alipo, mwini ntchito ndani?

Malawi sakusowa malamulo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo udindo wa ngalande, zinyalala ndi ukhondo. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority ndipo limalola kupanga makomiti oyang'anira zigwa za mitsinje. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limanena za chilolezo chomangira. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo mu 2023 kunabwera lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Chovuta n'chakuti dontho limodzi la mvula limadutsa m'manja mwa eni ambiri. Likagwa m'nkhalango ndi la nthambi ya zankhalango. Likafika pamsewu waukulu ndi la Roads Authority, pamsewu waung'ono ndi la khonsolo. Puloti imene ladutsapo mwina anagawa ndi unduna wa zamalo, Malawi Housing Corporation, khonsolo kapena mfumu. Likalowa m'damu ndi la bungwe logawa madzi, likagwetsa nyumba ndi la nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Aliyense ali ndi kagawo kake, koma palibe amene amayankha za ulendo wonse. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, komanso denga silinyamuka ngati palibe wolamula kuti tonse tikweze pamodzi. Chigwa chilichonse cha mumzinda chikufunika komiti imodzi yokhala ndi mphamvu, yotsogozedwa ndi khonsolo, mmene mukhale maofesi onsewa, mafumu, eni mafakitale, komanso khonsolo ya boma loyandikana ndi mzindawo kumene mtsinje umachokera kapena kumene ukupita.

Ndalama zichokera kuti

Makhonsolo athu amadalira misonkho ya malo ndi ziphaso za m'misika, ndipo ambiri amene ayenera kulipira salipira, maofesi a boma ena ali m'gulu lomwelo. Ntchito zikuluzikulu zimadikira ngongole ndi thandizo lakunja. Thandizo lotere limamanga, koma silibwera chaka chilichonse kudzachotsa mchenga. Choncho bajeti ya khonsolo iyenera kukhala ndi ndalama yoikidwa padera yosamalira ngalande ndi mitsinje, yosakhudzidwa ndi zina, ndipo anthu aziuzidwa poyera mmene yagwirira ntchito. Omanga nyumba zikuluzikulu alipire gawo la ngalande zimene adzazidzaze. Mabungwe ogawa madzi ndi opanga magetsi, amene amapindula mtsinje ukakhala woyera, ali ndi chifukwa chomveka choikira ndalama kumtunda. Munthu amalipira msonkho mosanyinyirika akaona ngalande ya kwawo itayeretsedwa mvula isanagwe.

Tsiku loyeretsa dziko limene linakhazikitsidwa mu Novembala 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, linali chiyambi chabwino. Koma zinyalala zikavuulidwa m'ngalande n'kuunjikidwa pambali popanda galimoto yodzazitenga, mvula yotsatira imazibwezera momwemo.

Nkhani yowawa: omwe ali m'njira ya madzi

Pali funso limene pulani iliyonse yoona iyenera kuliyang'ana m'maso. Anthu oposa theka la okhala m'mizinda yathu ali m'malo osakonzedwa ndi mapulani, ndipo ena ali m'khwawa lenileni kapena pamapewa a phiri. Ena amati agumulidwe basi. Ena amati asiyidwe chifukwa alibe kopita. Mayankho onse awiriwa ndi osakwanira.

Munthu samanga m'khwawa chifukwa chokonda ngozi. Amamangamo chifukwa ndi pokhapo pamene angakwanitse, pafupi ndi pamene amapeza ganyu. Kumuthamangitsa popanda malo ena ndi kumutumiza kukhwawa lina. Kumupatsa malo akutali opanda madzi, sukulu ndi msika ndi kumuuza kuti abwerere. Koma kumusiya pansi pa thanthwe la Soche ndi kumusiya m'kamwa mwa imfa. Njira yake ndi kusiyanitsa. Malo oopsa kwambiri, amene mapu asonyeza, anthu asamutsidwe mokambirana, apatsidwe malo okonzeka, ndipo pamene achokapo padzalidwe mitengo nthawi yomweyo kuti wina asalowepo. Malo ena onse akonzedwe pomwe anthu alipo: tinjira, ngalande, zimbudzi zokwezeka, chenjezo lofika pafoni ndi malo othawirako odziwika. Lamulo lisakhale ndi tsankho. Mpanda wa njerwa wa munthu wolemera umene watseka khwawa kapena nyumba yosanja yomangidwa m'dambo zimaononga kuposa kanyumba ka zidina. Khonsolo imene imagumula za osauka n'kulambalala za olemera sidzamveredwa ndi aliyense.

Mvula ikubweranso

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu. Mvula timaifuna, ndiyo moyo wa dziko lino, ndipo matope ake tiyenera kuwakonzekera. Chigamulo changa n'chakuti mzinda umene ukufuna kuteteza anthu ake uyambe wateteza mitsinje yake, ndipo mtsinje umatetezedwa kuyambira pamwamba pa phiri ndi padenga la nyumba iliyonse, osati pamlatho pokha.

Inu makhansala ndi akuluakulu a makhonsolo, jambulani mapu a zigwa zanu, ikani ndalama yosamalira ngalande mu bajeti, ndipo kanani chilolezo chomanga m'dambo ngakhale wopemphayo akhale ndani. Inu mafumu, musagawe malo m'khwawa. Inu eni mafakitale ndi magalaja, zimene mumataya usiku ana athu amasambamo masana. Ndipo inu owerenga, mvula ikadzagwa, tulukani pakhonde muone kumene madzi a padenga panu akulowera. Atsatireni ndi maso mpaka atuluke pampanda. Kumene akupitako kuli munthu, ndipo kuseri kwa munthuyo kuli mtsinje umene tonse timamwa.